Tsiku Limene Nanzeze Sanaime

Mutu Wachisanu ndi Chimodzi

1. Wonyamula madzi

Anthu akamaonera mpikisano wa njinga pa kanema amaganiza kuti aliyense m'chigulumo akufuna kupambana. Si choncho ayi. Ambiri ntchito yawo ndi kutopa m'malo mwa anzawo, ndipo Nanzeze anali mmodzi wa oterowo.

Dzina limeneli anamupatsa ali pasukulu, chifukwa anali kamtsikana kopepuka kamene kankakwera chitunda ngati kakutsika. Mipikisano ya achinyamata anaisesa yonse. Mamendulo anadzaza katoni ya nsapato, ndipo timu yaikulu itamuitana, aliyense anati mwana uja zake zayera.

Koma ku timu yaikuluko anapeza kuti aliwiro ndi ambiri. Iye anamupatsa ntchito yobwerera kumbuyo kwa chigulu, kukatenga mabotolo a madzi ku galimoto ya timu, kuwalonga m'malaya mpaka kuoneka ngati wabereka mwana, n'kukawagawira akuluakulu kutsogolo. Akamaliza kugawa ankalowa patsogolo pawo kuti awatchinge mphepo. Pajatu panjinga mdani wamkulu si chitunda koma mphepo. Wakutsogolo ndiye amaiswa ndi chifuwa, wakumbuyo amangotsatira mopumira.

Madzulo ankafikira m'mahotela ofanana onse: bedi, kabati yopanda kanthu, zenera loyang'ana poimika magalimoto. Ankachapa masokosi mu sinki n'kuwayanika pampando. Anzake ankagona chagada, miyendo itatsamira khoma, akuseka pafoni ndi akwawo. Foni ya Nanzeze ikalira, ndiye kuti ndi azakhali ake basi. Amayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Bambo ake anali moyo ndithu, koma chichokereni iye pakhomo anali asanamuyankhulepo.

Bambowo anali okonza njinga. Anali ndi kashopu m'mphepete mwa msewu waukulu, ndipo ndi iwo amene anamuphunzitsa kupalasa, kumata chubu ndi kuwongola masipoko. Koma tsiku limene Nanzeze anasiya sukulu ya unamwino n'kusankha mpikisano, anamukhazika pabenchi n'kumuuza kuti:

"Mwana wanga, njinga ndimazidziwa ine, zandidyetsa moyo wanga wonse. Njinga ndi yopitira kuntchito, si ntchito ayi. Miyendo ili ngati teyala, imatha. Tsiku limene udzagwe n'kuthyoka, okuombera m'manjawo adzatembenukira kwa wina usanadzuke n'komwe. Unamwino suthyoka mwendo. Ukafuna kupita, pita, sindikumanga chingwe. Koma usadzayembekezere kundiona nditaima pamsewu ndikukuwa dzina lako ngati munthu wosowa chochita."

Nanzeze anapita. Mawu amenewo anapita nawo limodzi, ndipo ankamupweteka kwambiri madzulo, anzake akamaseka pafoni.

2. Pempho

Mpikisano waukulu wa chaka chimenecho unali wa masiku angapo, kuchoka tauni iyi kukagona tauni ina. Nanzeze ataona mapu a njira, anawayang'anitsitsa kawiri. Ulendo wa tsiku lina unkadutsa pakhomo penipeni pa shopu ya bambo ake.

Tsono opalasa njinga ali ndi mwambo wawo umene sunalembedwe paliponse. Mpikisano ukamadutsa kwanu, umapempha chigulu kuti chikulole kutsogola. Palibe amene amakuthamangitsa. Umakafika kwanu wekha, kutsika, kukumbatira abale, ndipo chigulu chikakupeza umalowamonso ngati mmene unalili.

Nanzeze anaimbira azakhali ake.

"Azakhali, muwauze kuti ndiima. Sindichedwa, ndingowapatsa moni."

"Ndawauza kale kuti udutsa, mwana wa achimwene," anatero azakhaliwo. "Koma bambo ako ukuwadziwa, mutu wawo ndi wouma ngati chishalo chakale. Anangoti 'mmm' n'kupitiriza kupopa teyala."

"Mmm wa inde kapena wa ayi?"

"Ine ndakula nawo anthu amenewa, koma mmm wawo sindinamumasulirepo. Ndiwauzanso."

M'mawa wa tsikulo Nanzeze anapita kwa a Kapitawo. Amenewa anali mayi wa timu yawo yomweyo, amene anapalasa njinga zaka zambiri kuposa wina aliyense m'chigulumo. Mawondo awo anali zipsera zokhazokha. Anali atasiya kalekale kupambana mipikisano, koma akayankhula, ngakhale a matimu ena ankamvera. Anawapeza atakhala pa sitepe ya basi ya timu akumanga nsapato.

"Khala pansi, mwanawe," anatero atamva pempho lake. "Ndikakupemphera ine, chifukwa iwe ukapempha wekha akufunsa kuti ndiwe yani. Koma umvetse chimene ukupemphacho. Anthu awa pa mzere womaliza ndi adani ako, koma mumsewu ndi amene amasunga moyo wako. Tikamatsika phiri, teyala lako ndi la mnzako zimayandikana ngati zala. Iye akaona dzenje amakulozera. Ukamamwa madzi sakugunda. Ukagwa amakuzemba, ngakhale iyeyo akagwere m'ngalande. Zimenezi palibe woweruza amene amazilamula, timazichita chifukwa timakhulupirirana."

Anamanga nsapato inayo, kenako anapitiriza.

"Ndili mtsikana ndinapalasapo ndi wina amene ananamiza chigulu. Anali ndi miyendo yoposa yanga ndi yako kuphatikiza. Koma kuyambira tsiku limenelo, akati abisale kumbuyo kwa munthu, munthuyo ankapatuka. Mphepo inamudya yekhayekha mpaka anakoleka njinga pakhoma. Kali kokha n'kanyama, mwanawe. Ndiye ukafika kwanuko uime. Kaya akulandira ndi nthungululu, kaya akutsekera chitseko, iwe uime, utidikire. Ine ndikuika dzina langa pamenepa. Wamva?"

"Ndamva, a Kapitawo."

"Ndi makutu onse awiri?"

"Onse awiri."

3. Msewu wa kwawo

Dzuwa litakwera, chigulu chikuyenda mosathamanga, a Kapitawo anayamba kuzungulira. Ananong'oneza uyu, anagwira phewa la uyo. Pomaliza anafika kwa mtsikana wamtali wa timu ina, amene anavala malaya ofiira osonyeza kuti ndiye akutsogola mpikisano wonse.

Wamtaliyo anacheuka, anayang'ana Nanzeze, n'kumwetulira.

"Ndi kamwana konyamula madzi kaja? Kapite. Kakatiperekere moni."

Chigulu chinatseguka pakati. Nanzeze akudutsa, mawu ankachokera uku ndi uku.

"Ukawauze apongozi kuti tikubwera!"

"Utisungire tiyi!"

"Ngati uli ndi mchimwene wosakwatira, aime kutsogolo!"

Nanzeze anaseka. Aka kanali koyamba kuti chigulu chimuseleule ngati mnzawo, ndipo anamva kukoma. Kumbuyo kwake ena anapezerapo mwayi wopatukira kutchire kukadzithandiza, ena anatulutsa nthochi m'matumba n'kuyamba kudya.

Posakhalitsa anatsala yekha ndi njinga zamoto ziwiri, ina ya wapolisi, ina ya wojambula. Anayamba kuona zinthu zimene ankazidziwa. Anadutsa pomwetsera mafuta pamene ankapopa mateyala ali mwana. Anadutsa pansi pa mlatho wa njanji, kenako mpanda wa sukulu yake, umene anali ataupaka utoto wina. Chimwemwe chinatsikira m'miyendo, ndipo anapalasa mwamphamvu kuposa mmene ankafunikira. Anthu a m'tauniyo anali asanakonzeke n'komwe. Ena anali akutulutsa kumene mipando, ena anathamangira kumsewu sopo ali m'manja.

Atakhota pa shopu ya telala, anaiona shopu ya bambo ake.

Chitseko chinali chotseka.

Panja panali benchi ija, beseni la madzi loyeseramo chubu, ndi njinga ya munthu wina itagonekedwa chagada. Teyala lake lakumbuyo linali likuzungulirabe pang'onopang'ono. Munthu anali atangochokapo kumene.

Nanzeze anafinya mabuleki. Anachotsa phazi limodzi pa pedulo.

"Ababa!"

Wapolisi uja anali akuliza sailini, anthu akukuwa. Chitseko sichinatseguke. Anthu oyandikana nawo nyumba anasiya kuomba m'manja n'kuyamba kuyang'anana. Wojambula uja anayandikira, n'kulozetsa kamera pankhope pake, kenako pachitseko, kenako pankhope pakenso.

Nanzeze anayang'ananso teyala lija. Anaganiza chinthu chimodzi chokha: andimva ndikubwera, ndiye alowa. Manyazi ndi mkwiyo zinamukwera nthawi imodzi, maso anadzaza misozi.

Phazi lija silinafike pansi. Linabwerera pa pedulo.

4. Mawu m'khutu

Opalasa njinga amavala kawayilesi m'khutu kolankhulirana ndi galimoto ya timu. Nanzeze atangotuluka m'tauni, kawayilesiko kanayamba kulira.

"Nanzeze, waima? Chigulu chikubwera pang'onopang'ono, usadandaule." Amenewo anali akochi, mphunzitsi wa timu yawo.

Nanzeze anawerama n'kusintha giya.

"Nanzeze, pa kanema pano ndikukuona ukupalasa. Ukupita kuti?"

Panapita kanthawi. Kenako anamva mawu ena, a munthu wopuma movutikira. Anali a Kapitawo.

"Mwanawe, ndine. Ima pomwe ulipo. Palibe chimene chawonongeka, ndiwauza kuti unasokonezeka. Tsika, ukhale pamwala, utidikire. Ndili ndi mawu ako."

Nanzeze anazula kawayilesiko, kanatsala kakulendewera pakhosi.

Kutsogolo kunali phiri limene ankaphunzirirapo kukwera ali pasukulu. Ankadziwa pokhota paliponse, ankadziwa pamene phirilo limanamiza munthu kuti latha. Tinene zoona, tsiku limenelo mwanayo anapalasa mokongola. Anthu amene anaima m'phirimo amasimbabe mpaka lero. Koma kupalasa mokongola ndi kuchita bwino ndi zinthu ziwiri zosiyana. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo iye anali atayamba anzake akudya nthochi.

Chigulu chinachedwa kukhulupirira. Pamene chinkayamba kumuthamangitsa, madzi anali atafika kale m'khosi. Nanzeze anatsika kuseri kwa phiri ngati mwala, analowa m'tauni yomalizira, ndipo anadutsa mzere msewu wonse uli wake.

Uku kunali kupambana kwake koyamba pakati pa akatswiri. Anamukweza pansanja, anamupatsa maluwa, anamuveka malaya ofiira aja. Atolankhani anamuunjirira, wina anamutchula kuti nyenyezi yatsopano. Oweruza sanapeze mlandu, poti palibe lamulo lolembedwa limene anaswa.

Atatsika pansanja anakumana ndi anzake akubwerera ku mabasi, nkhope zili mchere wokhawokha. Mwa masiku onse wopambana amamugwira chanza, ena amamusisita chipewa. Tsiku limenelo ankangomulambalala ngati chitsa. Wamtali uja yekha ndiye anaima. Anayang'ana malaya ofiirawo, amene m'mawa anali ake.

"Bambo ako ali bwanji?" anafunsa.

Sanadikire yankho.

5. Tebulo lalitali

Kuhotela, timu iliyonse inali ndi tebulo lake lalitali m'chipinda chodyera. Timu ikapambana, madzulo pamakhala phokoso, ophika amabweretsa keke, wopambana amaimirira n'kuthokoza anzake. Nanzeze atalowa anapeza keke ilipo ndithu, koma anzake anali atasunthira mbale zawo kumapeto kwa tebulo. Mpando wake unatsala pakati pa mipando yopanda anthu.

Akochi anamudutsa atanyamula mbale.

"Eni timu asangalala," anatero osamuyang'ana. "Ine ndilibe mawu."

Anakhala pansi. Anadya pang'ono. Chipinda chonse chinkangomveka masipuni. Munthu akhoza kusungulumwa m'chipinda cha yekha, koma kusungulumwa pakati pa anthu kumapweteka koposa, ndipo Nanzeze anakumva tsiku limenelo.

Anzake atatuluka, a Kapitawo anabwera akutsimphina. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anana naye. Anaika patebulo botolo la madzi.

Silinali botolo la timu. Linali lakale, lofwifwa, chivindikiro chake chomangidwa ndi mphira wa chubu. Nanzeze analizindikira nthawi yomweyo. Linali botolo la njinga yake yoyamba.

"Mwalitenga kuti?"

"Ndinati ndili ndi mawu ako, iwe unazula khutu," anatero a Kapitawo. "Tsopano umve. Titafika pa shopu ija tinachepetsa liwiro, chigulu chonse, kukufunafuna. Tinapeza mdala ataima m'mphepete mwa msewu. Anavala jekete lakuda ndi tayi, nsapato zopolisha, koma m'zikhadabo muli girisi. Ankayang'ana nkhope iliyonse yodutsa. Ine ndinaima."

Nanzeze anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Azakhali ako anali pambali pawo akulira. Akuti mdalayo anagwira ntchito ali tcheru kuyambira m'mawa. Atamva sailini patali anathamangira m'nyumba kukavula ovololo, ati asakuchititse manyazi pa kanema. Ankaganiza kuti nthawi ilipo. Koma iwe unafika msanga, ndipo tayi inawavuta kumanga."

"Ndinaitana," anatero Nanzeze motsitsa mawu.

"Kangati?"

"Kamodzi."

"Anandifunsa kuti, 'Mayi, mwana wanga ali kumbuyo? Kapena wagwa?' Ndinati, 'Ayi bambo, watsogola.' Iwo anati, 'Koma anati aima.' Ndiye anandipatsa botololi. Anati, 'Mukamupeza mumupatse, kutsogoloko kuli chitunda.'"

Misozi inagwera pa malaya ofiira aja. A Kapitawo sanamutonthoze.

"Lero takwera phiri popanda wotibweretsera madzi. Anga anathera pakati pa chitunda, lilime linauma gwa. Koma ili sindinalitsegule, chifukwa si langa. Chimene wapatsidwa kuti usunge umakafikitsa, mwanawe, ngakhale chikulemere. Udziwe kuti lero sunabe mpikisano wokha. Mawa kamtsikana kena kadzafuna kukalonjera amayi ake, ndipo chigulu chidzakana chifukwa cha iwe. Ukanangoika phazi pansi n'kudikira pang'ono, bwenzi pano uli ndi bambo, uli ndi anzako. Wasankha malaya. Walira mvula, walira matope."

"Ndichite chiyani?"

"Zimenezo udzifunse wekha. Ine ndingokuuza za mawa. Mawa tikudutsa m'chigwa chopanda mtengo, ndipo mphepo yake imaomba cham'mbali. Ine ndipalasa patsogolo pako chifukwa ndi ntchito yanga, koma miyendo yangayi siifika patali. Ndikatopa, usayang'ane kwa wina. Ndipo usadalirenso kuti ndikakupepesera. Dzina langa ndinalipereka m'mawa uja, silinabwerere."

Anaimirira, anabwezera mpando m'malo mwake, n'kutuluka.

6. Foni

Nanzeze anakwera kuchipinda chake dzuwa likulowa. Mnzake wogona naye anali atasamutsa chikwama. Panatsala bedi loyalidwa bwino ndi waya wa tchaja amene anaiwala pakhoma. Maluwa aja anali mu sinki momwe anawasiya, ayamba kale kufota.

Anakhala pabedi botolo lili m'manja. Panja mbendera za mpikisano zinali zitayamba kukupiza.

Foni inalira. Anaitenga mwaulesi poganiza kuti ndi azakhali. Koma dzina limene linaoneka linali limene linali lisanaonekepo chichokereni iye kwawo.

Anaiika kukhutu. Mbali inayo kunamveka kupuma kwa munthu wamkulu, kenako kukhosomola.

"Mwana wanga," anatero bambo ake. "Madzi aja akupatsa?"

Nanzeze anatseka pakamwa ndi dzanja. Anagwedeza mutu ngati kuti akumuona.

"Usayankhe pafoni," anapitiriza bambowo. "Shopu ndatseka. Mawa ndikwera basi yoyamba, ndikupeza musananyamuke. Anthu kuno akuti wapambana, ena akuti waba. Ine ndikufuna ndimve pakamwa pako, ndipo mayi anaima uja akhalepo."

Foni inaduka. Nanzeze anayang'ana malaya ofiira aja, kenako botolo. Anamasula mphira wa pachivindikiro n'kumwa. Madziwo anali atafunda ndi dzuwa la tsiku lonse, koma anawamaliza onse.